Chisoti Chimene Chinaluma Akwatibwi Anayi

Mumzinda wa Providence, ku Amereka, munali anthu zikwizikwi odziwa kumata galasi pa waya n'kulitcha ndolo, koma wopanga zisoti zachifumu za akwatibwi anali mmodzi yekha, Serafim Moniz. Amene sankadziwa zimenezi ankauzidwa ndi mwini wakeyo asanamalize n'kupatsana moni komwe.

Anachoka kwawo ku chilumba cha São Miguel ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atanyamula sutikesi yomanga ndi chingwe, kuphazi kuli nsapato za amalume ake. Anayamba ndi kusesa fumbi la mkuwa m'fakitale ya mikanda. Tsopano anali ndi nyumba yakeyake ya njerwa zofiira, yosanjikiza kawiri, azimayi khumi ndi anayi oika miyala, ndi chikwangwani cha dzina lake chimene munthu ankachiwerenga ali tsidya lina la mtsinje. Ku London anapitako kanayi. Ku Vienna, ku Munich, ku Stockholm, ku Istanbul, konse kumene mafumu anasiya zisoti zawo m'mabokosi a galasi, Serafim anakaimako, manja kumbuyo, mphuno pafupi ndi galasilo, mpaka alonda kuyamba kutsokomola. Kujambula ndi kamera ankaletsa. Iye ankangoyang'ana, n'kupita kuchimbudzi, n'kukalemba zonse ndi pensulo kuseri kwa tikiti yolowera, mwala ndi mwala. Akabwerera kwawo, pomatha milungu itatu chisoti cha mfumukazi chinali pashelefu, cha mkuwa wopaka siliva ndi galasi la ku Bohemia, chowala kuposa chenichenicho.

Ogula sankasowa. Dziko la Amereka linamenya nkhondo zaka zingapo kuti lichotse mfumu pakhosi pake, ndipo chaka chilichonse limaphulitsa makombola kukondwerera zimenezo. Koma mwana wa mfumu angokwatira kutsidya kwa nyanja, m'mawa mwake foni ya Serafim inkalira ngati kwagwa maliro. Ana a ogulitsa matayala ku Ohio, ana a ozula mano ku New Jersey, onse ankafuna chimene aona pa kanema, ndipo chifanane ndendende. Serafim ankawaseka, n'kuwapangira.

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi," ankatero, akudziguguda pachifuwa, "palibe chisoti changa chimene chinagwapo pamutu pa mkwatibwi. Maukwatiwo ndiye agwa ambiri. Zisoti ayi."

Koma m'kabati ya muofesi yake munali chisoti chimodzi chimene sanachitengere kwa mfumukazi aliyense. Anali akuchipanga kwa zaka ziwiri, makamaka masiku a Loweruka, osalola munthu wina kuchikhudza. Chinali cha timaluwa tamutu wozungulira timene timamera m'mbali mwa misewu ya kwawo kuchilumba, duwa lililonse litakhala pa kawaya kake kakang'ono, kotero kuti wovalayo akangopuma, maluwa onse ankanjenjemera n'kumwaza kuwala. Chinali cha Delfina, mwana wake mmodzi yekhayo, mphunzitsi wa masamu, amene mayi ake anamwalira ali kusekondale. Delfina ankakwatiwa mwezi wa Juni ndi Lowell Aldercott wa ku Newport, ndipo Serafim ankafuna chinthu chimodzi basi: mwana wake akalowe m'tchalitchi atavala ntchito ya manja a bambo ake.

Kutatsala milungu isanu ndi umodzi, mayi a Lowell anaitana Serafim ndi Delfina ku tiyi.

Nyumba ya a Aldercott inali ndi zipinda makumi atatu, koma zotenthetsedwa m'nyengo yozizira zinali zitatu. Agogo a agogo awo analemera ndi mafuta a nsomba zikuluzikulu za m'nyanja, ndipo kuchokera pamenepo panalibe Aldercott amene anagwirapo ntchito yoti n'kuitchula dzina. Ankangokhala, n'kumakumbukira. Mayi Honoria Aldercott anali aatali, owonda, olankhula mano ali chitsekere. Anapereka tiyi wozizira ndi timagawo ta buledi toikamo nkhaka, tating'ono moti Serafim anadya tisanu osazindikira kuti wayamba kudya.

"Bambo Moniz," anatero mayiwo, "bwerani muone akazi a m'nyumba muno."

Pakhoma la pamasitepe panali zithunzi zinayi za akwatibwi, cha kale kwambiri pamwamba, cha Mayi Honoria eni ake pansi. Onse anayi anavala chisoti chimodzimodzi, chokwiririka m'velo ndi m'maluwa moti chinkangooneka nsonga. Onse anayi makosi anali gwa, milomo yothina, maso ngati a munthu amene wapondedwa chala m'tchalitchi ndipo sangakuwe.

"Agogo aakulu anachigula ku Seville," anatero Mayi Aldercott. "Chinali cha mwana wamkazi wa mfumu ina, anachivala pa ukwati wake. Dayamondi weniweni, golide weniweni. Mkwatibwi aliyense wolowa m'banja lino amavala chimenechi. Delfina akhala wachisanu."

Serafim anaika kapu yake pansi pang'onopang'ono.

"Asewere, mundikhululukire, koma za mafumu ndiye ntchito yanga. Lamulo lawo likuti mkwatibwi amapita kuguwa atavala chisoti cha kwa bambo ake. Ndi tsiku lomaliza limene ali wa m'nyumba imeneyo. Cha kwa mwamuna amayamba kuvala ukwati utatha. Mukafunse ku Vienna, mukafunse ku Stockholm. Ine ndinafikako, akuuzani zomwezi."

Mayi Aldercott anamwetulira ndi theka la mlomo.

"Lamulo limenelo ndalimvapo. Koma ndi la mabanja amene ali ndi chisoti, Bambo Moniz."

"Ine ndili nazo mazana awiri pashelefu."

"Ee, ndamva. Akuti n'zokongola kwambiri. Mdzukulu wa wophika wathu anavala chanu pa sewero la kusukulu."

Delfina anagwira bambo ake pamkono, ndipo kugwirako kunali ndi zikhadabo.

M'galimoto, pamlatho wobwerera, Serafim anayamba asanasinthe n'giya lomwe.

"Wamva? Sewero la kusukulu. Mayi amene denga lake likudontha m'mabeseni. Ndawaona mabeseniwo, abisa kuseri kwa piyano."

"Adadi, yang'anani msewu."

"Anthu onunkha mafuta a nsomba mpaka lero. Ine ndinaima pamaso pa zisoti za mafumu asanu ndi anayi, iwo akudziwa chimodzi chokha, choguliranso pamsika."

"Adadi, ine ndikukakhala ndi mayi amenewo zaka makumi awiri, mwina atatu, chifukwa anthu oterowo samwalira msanga. Inu mukakangana nawo Loweruka, Lolemba muli ku ntchito kwanu. Ine ndiye ndidzadya nawo Khirisimasi iliyonse."

"Ndiye uvale chawocho?"

Delfina anayang'ana madzi a pansi pa mlatho.

"Chanucho ndinachiona m'kabati chaka chatha. Ndinachiyesanso, inu muli ku Bohemia. Ndikuchifuna kuposa diresi, kuposa keke, masiku ena kuposa Lowell. Koma sindiyambitsa nkhondo chifukwa cha ola limodzi la m'tchalitchi. Mundilonjeze kuti simuyambitsa inunso."

Serafim analonjeza. Mawuwo anatuluka ngati dzino lozulidwa popanda jakisoni.

Koma panali vuto limene a Aldercott sanaliganizire. Chisoti chilichonse chimakhala pa waya wopinda, ndipo wayayo amakulungidwa ndi nsalu ya veleveti yofanana ndi tsitsi la wovalayo, kuti chisoti chizioneka ngati chamera pamutu. Akwatibwi anayi aja onse anali a tsitsi lachikasu ngati udzu wouma. La Delfina linali lakuda bii. Wosula golide wa banjalo, wa ku New York, anati akufuna miyezi iwiri. Ndiye Mayi Aldercott anaimba foni.

"Ndi kantchito kakang'ono, Bambo Moniz, kongokulunga nsalu. Ndaganiza kuti kameneka mungathe."

Anafika Lachiwiri masana pa galimoto yakale yotsokomola, pambuyo pawo pali mlonda wa kampani ya inshuwalansi, bambo wamimba dzina lake Gilhooly, atanyamula bokosi lachikopa ngati muli mtima wa munthu. Podutsa m'chipinda chogwirira ntchito Mayi Aldercott anakweza mphuno kuti fungo la mtovu wosungunula lisawapeze. Azimayi khumi ndi anayi aja anawayang'ana kuyambira kunsapato, n'kubwerera ku miyala yawo. Delfina anali atafika kale muofesi, atakhala patsogolo pa kalilole.

Bokosi linatsegulidwa. Serafim anawerama n'kuyang'anitsitsa.

Miyala inali yeniyeni, zimenezo anaziona asanatulutse n'kagalasi kake koonera. Pakati panali mwala wofiira wosemedwa ngati mtima. Kuchokera pamtimapo panatuluka nsonga zisanu ndi ziwiri za dayamondi, zotambasuka ngati zala.

"Mtimawo ndi chikondi," anafotokoza Mayi Aldercott, monga mmene anafotokozera alendo zaka makumi anayi. "Nsongazo ndi mizinda isanu ndi iwiri imene bambo a mwana wa mfumuyo ankalamulira. Delfina, wongola khosi. Chimenechi sichivalidwa ndi munthu wowerama."

Anachikhazika pamutu pa Delfina ndi manja awo, n'kuchikanikiza. Delfina anatseka maso.

"Chikuluma," anatero motsitsa mawu.

"Chimatero. Ine ndinatuluka magazi pang'ono, apongozi anga anakomoka pa nthawi ya malonjezo. Ukazolowera kulemera kwa banja lino sudzamvanso."

Serafim anayang'ana pa kalilole ndipo anaona nkhope ya mwana wake itasanduka chithunzi chachisanu cha pamasitepe paja: khosi gwa, milomo yothina. Anachichotsa pamutupo osapempha chilolezo. Pamzere wa tsitsi panali kadontho ka magazi.

Kenako anachita zimene aliyense wa ntchito imeneyi amachita akapatsidwa chinthu m'manja, zimene eni chuma sachita n'kamodzi komwe. Anachitembenuza. Ogula amayang'ana kumaso, wopanga amayang'ana kumsana, chifukwa kumsana n'kumene mnzako amene anachipanga amalankhula nawe.

Kumsanako kunali kokhakhala, kosapukuta, ngati kumene wopangayo ankadziwa kuti palibe diso lidzafikeko. Chisoti cha mfumukazi chimakhala chosalala mbali zonse, chifukwa mfumukazi amatembenuka, ndipo kumbuyo kwake kumaima anthu amiseche. Serafim anatenga chingwe choyezera n'kuyeza mkombero uku ndi uku. Unali wozungulira ndendende ngati mbale. Mutu wa munthu suli choncho, uli ngati dzira. Ndipo pakati penipeni, m'kati, pamene panamuluma Delfina, panali kachitsa ka chitsulo kodulidwa ndi tupa, kodulidwa mwachangu, ndi munthu amene ankamva mapazi a wogula pakhomo.

Anatenga singano n'kutokosa kuseri kwa mwala wofiira uja. Munatuluka kanyenyeswa kakuda. Anakaphwanya pakati pa zala, n'kununkhiza. Phula la kandulo, mwaye, ndi fungo limene mwana aliyense amene anatumikirapo paguwa saliiwala mpaka kumanda. Lubani.

Anayang'ananso nsonga zija, tsopano ndi kagalasi padiso. Iliyonse inali ndi kamtanda kakang'ono kumapeto, chogwirira. Sizinali nsonga zotuluka mumtima. Anali malupanga olowa mumtima.

Chimwemwe chimene chinamukwera Serafim kuchokera kumawondo chikanatha kuyatsa magetsi a Providence yense. Anafuna kutsegula chitseko, kuitana azimayi onse khumi ndi anayi, kuitana a nyuzipepala, kukwera padenga pafupi ndi chikwangwani chake. Koma anaona maso a Delfina pa kalilole, ndipo anakumbukira dzino lija anazula pamlatho.

"Delfina, mwanawe, pita ukasambe pamphumipo. Bambo Gilhooly, muime pakhomo, bokosi lanu silithawa."

Atatsala awiri ndi Mayi Aldercott, Serafim anakhala pampando wake n'kupinda manja pamimba.

"Asewere, agogo anu aakulu, ku Seville kuja, anapita ndi munthu wodziwa chinenero?"

"Sindikuona kuti zimenezo zikukhudza bwanji veleveti."

"Chisoti ichi sichinakhalepo pamutu pa mwana wa mfumu. Sichinapangidwire mutu wa munthu. Chinapangidwira mutu wa mtengo."

"Mwati bwanji?"

"Chifanizo cha m'tchalitchi. Apa panali chikhomo chachitali ngati chala changachi, cholowa pabowo la pamutu pa chifanizocho kuti chisagwe anthu akachinyamula pa mdipiti. Wogulitsayo anachidula kuti Mwamereka asafunse mafunso. Kumbuyo sanapukute chifukwa chifanizo chimaima chotsamira khoma. Ndipo si chifanizo chilichonse ayi. Awa ndi malupanga asanu ndi awiri. Ndi Maria wa Chisoni, mayi amene akulira mwana wake wophedwa. Amamutulutsa Lachisanu Loyera, atavala zakuda. Akwatibwi anu anayi anapita kuguwa atavala chisoti cha maliro."

Mayi Aldercott sanagwedezeke. Anthu a mtundu wawo amaphunzitsidwa ali aang'ono kuti nyumba ikamapsa, uzifunsa kaye ngati tiyi wafika.

"Banja lathu si la mpingo wanu, Bambo Moniz. Zifanizo zanu sitizidziwa, ndipo sitifuna kuzidziwa. Anthu zikwi aona chisoti chimenechi, akazembe, mabishopu athu, palibe ananenapo zoterezi. Ndikumvetsa kuti mukufuna mwana wanu avale galasi lanu. Koma njira imeneyi ndi yotsika, ngakhale kwa inu."

"Anthu zikwi a ku Newport," anatero Serafim. "Anthu amene amaona chinthu chowala n'kufunsa kuti chinali cha ndani, osafunsa kuti n'chiyani. Koma pa ukwati uwu kumanzere kwa tchalitchi kudzakhala anthu anga zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu. Theka la iwo ndi azimayi ovala zakuda amene akhala akuchapa ndi kuveka zifanizo kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ine sindinena kanthu. Tingoyesa."

Anatsegula chitseko pang'ono.

"Dona Alzira, mungabwere ndi veleveti yakuda ija?"

Dona Alzira anali wamkulu pa azimayi onse oika miyala, wazaka makumi asanu ndi awiri, wamfupi ngati mtondo, amene anagwira ntchito ndi Serafim kuyambira ali ndi tebulo limodzi ndipo sanasiye kumuona ngati wosesa. Analowa akukokera mwendo, nsalu ili m'manja, akung'ung'udza kale.

"Mwayamba kutuma anthu ngati muli ndi miyendo ya galasi, Senhor Serafim. Veleveti ili pamene mumaisiya masiku onse, pansi pa mphuno yanu..."

Anaona chimene chinali patebulo. Nsalu inagwa. Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kugwira ngodya ya tebulo, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka bondo lodwala lija linafika pansi.

"Mayi wanga wa Chisoni," ananong'ona. "Ndani wamuvula mayiyu? Senhor Serafim, mwayamba kugula zakuba m'matchalitchi? Mkazi wanu akanakhala moyo akanakuswani mutu ndi chiwaya."

"Si changa, Dona Alzira. Abwera nacho asewerewa. Akuti Delfina avale pa ukwati."

Dona Alzira anatembenuza mutu n'kuwayang'ana Mayi Aldercott kuchokera pansi pomwepo, mmene munthu amayang'anira galu amene wakwera paguwa.

"Pa ukwati? Malupanga asanu ndi awiri pamutu pa mwana amene ndinamusintha matewera? Mayi inu, mwanayu wakulakwirani chiyani? Ngati simukumufuna mungonena, tim'pezera wina. Kuno kuli anyamata ogwira ntchito."

Mayi Aldercott anatembenukira kukhomo kuti aitane mlonda wawo atseke bokosi. Anapeza Gilhooly, amene agogo ake anachokera ku Ireland, atavula chipewa, atachigwira pachifuwa, milomo ikuyenda.

Pamenepo mpamene Mayi Aldercott anakhala pansi.

Serafim anamuthandiza Dona Alzira kudzuka, n'kumulumbiritsa pa dzina la mayi yemweyo kuti sakanena kwa munthu, n'kutseka chitseko. Anatulutsa botolo la vinyo wa kwawo ndi matambula awiri. Mayi Aldercott, amene sankamwa masana, anamwa.

"Adzagwada onse?" anafunsa.

"Ena adzagwada. Ena adzayamba nyimbo ya Lachisanu Loyera. Mlongo wanga Conceição ndiye amalira mokweza, amamveka mpaka kudoko. Mbali yanuyo idzafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo wina adzawauza. Pofika nthawi ya keke, Newport yense adzakhala atadziwa kuti a Aldercott zaka makumi asanu ndi anayi akhala akuvala chipewa cha chidole cha Akatolika, chimene agogo awo anapusitsidwa nacho pamsika."

"Mukufuna chiyani?"

"Lamulo la mafumu basi. Mkwatibwi apite kuguwa atavala cha kwa bambo ake."

Mayi Aldercott anazungulitsa tambula patebulo.

"Ndipo za chifanizocho palibe amene adzamve. Ngakhale Lowell. Ngakhale mwana wanu."

"Ndalumbira. Za chifanizo, pakamwa panga ndi manda."

Kwa munthu ngati Serafim, umenewo unali mtengo waukulu kuposa nyumba yake ya njerwa. Inali nkhani yokoma kuposa zonse zimene anabwera nazo ku Vienna ndi ku Istanbul, ndipo anaigulitsa asanaifotokoze n'kamodzi komwe. Delfina anangouzidwa kuti chisoti cha banja chapezeka kuti n'chofooka, sichingapirire ulendo wa kutchalitchi. Anayang'ana bambo ake nthawi yaitali, mmene ankayang'anira mwana wa sukulu amene wapeza yankho loona popanda kuonetsa njira, koma sanafunse.

Pa tsiku la ukwati Serafim anasokerera yekha chisoti cha maluwa chija m'tsitsi la mwana wake ndi ulusi wakuda, atamuletsa Delfina kusamba m'mutu kuyambira dzulo lake, chifukwa tsitsi loterera silisunga chisoti. Atalowa m'tchalitchi, maluwa a galasi aja ananjenjemera pa sitepe iliyonse, ndipo kuwala kunathamanga m'makoma ndi m'denga. Kumanzere azimayi ovala zakuda analira monga mwa nthawi zonse. Kumanja makosi aatali anatembenuka onse pamodzi ngati atsekwe.

Madyerero anachitikira pa kapinga wa a Aldercott, m'tenti, kuti alendo asaone mabeseni. Mbali imodzi kunali nkhanu zozizira zimene anthu ankazitola ndi timafoloko, mbali ina kunali soseji ya tsabola, buledi wotsekemera ndi mandasi a shuga amene Conceição anabwera nawo m'madengu asanu ndi limodzi popanda womupempha. Pomakwana ola limodzi, a ku Newport onse anali ku madengu.

Serafim anali kuyenda pakati pawo, chifuwa patsogolo, pamene anamva mawu a asewere ake kuseri kwa mphika wa maluwa. Anali atazunguliridwa ndi azimayi atatu a zipewa zazikulu.

"Tinaganiza zotsata mwambo wakale," ankatero Mayi Aldercott. "M'nyumba zachifumu mkwatibwi amavala cha kwa bambo ake, mukudziwa inu. Ndipo banja la a Moniz ndi lakale kwambiri kuzilumbako. Sakonda kuzitchula."

"Ndinadziwa nditangochiona," anatero mmodzi, Mayi Thurlow, amene mwamuna wake anali ndi mabwato atatu a mpikisano ndi chiwindi chimodzi chotopa. "Miyala yakale ili ndi moto wake. Zamasiku anozi, zagalasi zimene amavala ana a m'masitolozi, ine ndimazizindikira ndili kukhomo."

Anamuona Serafim n'kumukodola ndi chala chodzaza mphete.

"Bambo Moniz, tiuzeni. Chakhala m'banja mwanu nthawi yaitali bwanji?"

Serafim anayang'ana asewere ake. Maso a Mayi Aldercott ankapempha, koyamba m'moyo wawo. Iye anabwereza m'mutu mwake lumbiro lake, liwu ndi liwu. Analumbira za chifanizo. Za chisoti cha mwana wake sanalumbire kanthu.

"Kuyambira Lachinayi, mayi," anatero. "Duwa lomaliza ndinawotcherera Lachinayi, cha m'ma folo koloko, ndi manja awa. Mkuwa wa ku Connecticut, galasi la ku Bohemia, ndinakasankha ndekha. Moto mukuuonawo ndi wanga."

Anapisa m'thumba la jekete n'kupatsa aliyense wa atatuwo kakhadi ka dzina lake, kolembedwa ndi zilembo zagolide. Kachinayi anakapereka kwa Mayi Aldercott, amene anakalandira chifukwa analeredwa kuti chinthu chopatsidwa pagulu sichikanidwa.

Nthawi yomweyo oimba a ku Fox Point, dera limene kumakhala anthu a kwawo kwa Serafim, analanda bwalo kwa oimba azeze a ku Newport, ndipo Delfina anakoka Lowell kulowa m'gule wa kwawo wozungulira, uja woitanira ndi mawu, wodumpha ndi kutembenuka. Anavina nyimbo zisanu ndi imodzi motsatizana. Velo inagwa, nsapato imodzi inatayika pansi pa tebulo, Lowell anapepesa kwa anthu anayi amene anawaponda. Chisoti sichinasunthe. Podutsa pafupi ndi bambo ake, thukuta lili kamukamu, Delfina anawakuwira:

"Adadi, mwawauza chiyani azimayi aja? Ayera ngati mkaka."

"Tsiku la pa mlungu, mwanawe. Andifunsa tsiku."

Lolemba m'mawa foni ya muofesi inalira katatu ola lachisanu ndi chinayi lisanakwane. Anali azimayi a zipewa aja, aliyense payekha, aliyense akulankhula motsitsa mawu. Aliyense anali ndi mwana wamkazi wofuna kukwatiwa, aliyense ankafuna chisoti chonga cha Delfina, ndipo aliyense anapempha kuti anzake awiri aja asadziwe kumene chachokera. Serafim anawauza onse atatu kuti chimenecho chinapangidwa chimodzi ndipo sichidzapangidwanso, koma za mafumukazi zilipo mazana awiri, abwere adzasankhe.

Chisoti cha malupanga chinabwerera ku banki, ndipo sichinatulukenso. Pamasitepe a ku Newport anapachika chithunzi chachisanu pansi pa zinayi zija. Mwa akwatibwi onse a pakhomalo, wachisanuyo yekha ndi amene wapendeketsa mutu, ndipo mano onse ali pamtunda. Mayi Aldercott amauza alendo kuti wojambulayo anali wachinyamata, sankadziwa ntchito.